Kukaona atombolombo ndi zamoyo zina pa Phiri la Zomba: mafunso ndi mayankho

Alendo ambiri akakwera Phiri la Zomba amalunjika ku malo oonera patali otchedwa Emperor's View, kujambulitsa, kugula sitiroberi m'mbali mwa msewu, dzuwa lisanapendeke atsika kale. Mukawafunsa za nyama amati, "Kulibe kanthu kumeneko, ndi mapaini okhaokha." Zamoyo zilipo ndithu, koma zambiri ndi zing'onozing'ono ndipo zimakhala kufupi ndi madzi. Wofuna kuziona ayenera kusiya phuma, apeze mwala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, akhale pansi. Mayankho ali m'munsiwa ndi a munthu amene akufuna kuchita zimenezo pa tchuthi chake.

Atombolombo ali ponseponse, ngakhale pa chithaphwi cha kuseri kwa nyumba. Ndivutikirenji kukwera phiri?

Chifukwa si amodzi onse. Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 6,000 ya atombolombo ndi abale awo, ndipo kuno kwathu yapezeka yoposa 100. Mtundu uliwonse uli ndi madzi ake. Ena amaswana m'zithaphwi zofunda zomwe zimauma pakangopita milungu yochepa, ndipo amenewa ndi omwe timawaona kumudzi. Ena safuna china koma mtsinje wozizira, wothamanga pamiyala, wokhala ndi mthunzi wa mitengo yachilengedwe. Oterewa kuchigwa simungawapeze.

Mzinda wa Zomba uli pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Pakati pa malo awiriwa pali madamu, madambo, akasupe, mathithi ndi timitsinje tam'nkhalango, zonse moyandikana moti mungazifike ndi miyendo tsiku limodzi. Mapiri athu amasunga zamoyo zomwe kwina kulibe. Pa Mulanje pali katombolombo kofiira kotchedwa Oreocnemis phoenix, komwe asayansi anakalemba m'mabuku mu 1971, ndipo sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Pa Zomba kameneka simukaona, koma kakutiphunzitsa kuti mtsinje wa paphiri si wouyang'ana mopepuka.

Ndikafika pamwamba ndipite pati?

Yambirani pa damu la Mulunguzi, lomwe lili kufupi ndi hotela ya Ku Chawe. Musataye nthawi pa khoma la damu, pomwe madzi ndi akuya ndipo gombe lake ndi lopanda zomera. Zungulirani kumtunda, kumene mtsinje umalowera. Kumeneko madzi ndi osaya, kuli udzu ndi timitengo togwera m'madzi, ndipo ndi komwe atombolombo ofiira ndi abuluu amakonda kutera.

Kuchoka apo tsatirani njira yokwera ndi mtsinje, yodutsa pa mathithi a Mandala ndi ku Trout Farm mpaka kukafika pa mathithi a Williams. Kwa ine chigawo chimenechi ndicho mtima wa phiri lonse. M'mbali mwa mtsinjewu munatsala mitengo yachilengedwe pamene malo ena onse ankadzalidwa paini, ndipo kusiyana kwake mumakumva ndi makutu: m'mapaini mumakhala zii, koma mukangolowa m'mitengo ya m'mphepete mwa madzi mbalame zimayamba kumveka. Muziyang'ana malo amene dzuwa laboola masamba n'kuwala pamwala kapena pa tsamba lolendewera pamadzi. Pamenepo imani kwa mphindi 10. Poyamba simuona kanthu. Kenako kamwala kamene mumakayesa kopanda kanthu kamaoneka kuti pali kachilombo, kauluka, kazungulira, n'kubwerera pomwe paja.

Damu la Chagwa ndi laling'ono, lachete, ndipo lili chakunjira yopita ku Queen's View ndi ku Emperor's View. Mungapumirepo popita kapena pobwera. Malo oonera patali aja ali ndi mbiri yake: loyambalo linatchedwa choncho atafikapo mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, lachiwirilo atafikapo Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Kaoneni ndithu, chifukwa tsiku lopanda nkhungu mumaona Nyanja ya Chilwa ndi Phiri la Mulanje. Koma atombolombo a kumeneko ndi odutsa chabe.

Amene miyendo siyikulola kukwera asadandaule. Mulunguzi yemweyo amadutsa m'munda wa zomera wa Botanic Gardens m'tauni momwemo, womwe unayambitsidwa m'zaka za m'ma 1890, ndipo pamiyala yake pamateranso atombolombo.

Nyengo yabwino ndi iti, nanga nthawi yanji ya tsiku?

Tombolombo amadalira dzuwa kuti thupi lake litenthe asanauluke bwino. Kukakhala mitambo kapena chiperoni, monga zimachitikira kawirikawiri mu Juni ndi Julayi, amangokakamira ku udzu osasuntha, ndipo mungayende tsiku lonse osaona n'mmodzi yemwe. Miyezi ya mvula, kuyambira Novembala kufika Epulo, ndi imene amachuluka. Vuto lake ndi matope, nkhungu ndi mvula ya masana. Ndikanati ndisankhe, ndikanatenga kumapeto kwa Malichi, Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, pamene mitsinje idakali yodzaza koma kumwamba kwayamba kuyera. Okutobala nayenso ndi wabwino m'mbali mwa madzi otsala, ngakhale utsi wa moto wa m'tchire umaphimba zoonera patali.

Pa tsiku, kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa kufika 3 koloko masana. Izi zimagwirizana bwino ndi mbalame, zomwe zimafuna kuzilawirira. Yambani ndi mbalame kukangocha, dzuwa likakwera tsikirani kumadzi.

Ena ndi onenepa, ena owonda kwambiri. Kodi owondawo ndi ana?

Ayi. Tombolombo akangomera mapiko sakulanso. Amenewa ndi magulu awiri osiyana. A gulu loyamba ndi ojintcha, amauluka mwamphamvu, maso awo ndi aakulu moti pa mitundu yambiri amakumana pamwamba pa mutu, ndipo akatera amatambasula mapiko. A gulu lachiwiri, omwe m'mabuku a Chingerezi amalembedwa kuti damselfly, ndi owonda, amauluka mofooka pafupi ndi udzu, maso awo ali motalikirana mbali ndi mbali ya mutu, ndipo ambiri akatera amapinda mapiko pamsana. Mukadziwa zimenezi mwayamba bwino. Chotsatira ndi kukumbukira kuti wamwamuna ndi wamkazi a mtundu umodzi kawirikawiri safanana. Wamwamuna akakhala wofiira kapena wabuluu, mkazi wake amakhala wachikasu kapena wofiirira, ndipo sakhalitsa kumadzi, amabwera pofuna kuikira mazira.

Ndi ati amene ndingayembekeze kuwaona?

Pa madamu yang'anani wamkulu wabuluu wa chifuwa chobiriwira amene amangoyendayenda pamwamba pa madzi osatera. Ameneyo ndi Anax imperator, mmodzi mwa akuluakulu kwambiri kuno. Ali ndi m'bale wake wa mtundu wa lalanje amene amakonda mitsinje, amauluka kutsata madzi, kupita ndi kubwerera pa chigawo chomwecho. Ang'onoang'ono ofiira amene amatera pa nsonga ya kamtengo n'kugwetsera mapiko kutsogolo ndi a banja la Trithemis. Dzuwa likaswa mtengo ena a iwo amaimika mchira kuloza kumwamba kuti thupi lisawombedwe kwambiri ndi dzuwa, ndipo ana akaona zimenezi amasangalala.

Kumtsinje funafunani Platycypha caligata. Ndi kakang'ono, mchira wake ndi wabuluu wowala, ndipo miyendo ya kamuna ndi yophwatalala, yofiira kunja, yoyera mkati. Kamatera pamwala pakati pa madzi othamanga. Kakazi kakafika, kamuna kamauluka patsogolo pake kakugwedeza miyendo yoyera ija. Awiri aamuna akakumana amayang'anizana m'malere, kukwera ndi kutsika limodzi, mpaka mmodzi agonje. Zonsezi zimachitika pa malo osakwana mita imodzi, ndipo munthu woyenda mothamanga amadutsa osadziwa kuti pali kanthu.

Mvula ikamayandikira mudzaonanso khamu la achikasu akuuluka pamwamba pa mabwalo ndi m'misewu, kutali ndi madzi. Amenewo ndi Pantala flavescens, otsata mvula. Mtundu umenewu umadziwika kuti umawoloka nyanja yamchere kuchokera ku India kudzafika kum'mawa kwa Africa, mothandizidwa ndi mphepo, ndipo ana ake amakula mofulumira m'zithaphwi zisanaume.

Ndinaona awiri atalumikizana akuuluka, wina akumenya madzi ndi mchira. Chimachitika n'chiyani?

Kumeneko ndi kuswana. Wamwamuna ali ndi zogwirira kunsonga kwa mchira, ndipo amagwira wamkazi kumutu kapena pakhosi. Wamkazi amapinda mchira wake kufika kunsi kwa mimba ya wamwamuna, awiriwo n'kupanga chozungulira chooneka ngati mtima. Akamaliza, wamkazi amaikira mazira. Mitundu ina amangogunda madzi ndi nsonga ya mchira akuuluka, ndipo kugunda kulikonse amasiya mazira. Ina amaboola tsinde la udzu wa m'madzi n'kuikiramo. Nthawi zambiri wamwamuna amakhala akumugwirabe kapena kuuluka pafupi, kuthamangitsa amuna anzake.

Ana awo amakhala kuti? Sindinaonepo mwana wa tombolombo.

Mwina munamuona koma simunamuzindikire. Moyo wambiri wa tombolombo umathera pansi pa madzi. Dzira likaswa mumatuluka kachilombo kotuwa kopanda mapiko, ka miyendo 6, kamene kamabisala m'matope, pansi pa miyala kapena m'mizu. Kamakhala m'menemo miyezi ingapo, ndipo m'madzi ozizira a kumapiri mitundu ina imatha chaka kapena kuposerapo, kakufundula khungu kambirimbiri pamene kakukula. Ndi kaukali. Mlomo wake wam'munsi ndi wautali ndipo umakhala wopinda pansi pa mutu. Chakudya chikayandikira umatambasuka mwadzidzidzi n'kugwira. Kamadya mphutsi za udzudzu, ambululu, ngakhale tinsomba ting'onoting'ono. Nako kamadyedwa ndi nsomba, kuphatikizapo trout zomwe atsamunda anabweretsa m'mitsinje ya paphirili.

Nthawi ikakwana, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha, kamakwera udzu kapena mwala, khungu limang'ambika pamsana, tombolombo n'kudzisolola pang'onopang'ono. Mapiko amayamba ali okwinyika, kenako amatambasuka ndi kuuma. Pa maola amenewa sangathawe chilichonse, ndipo mbalame, achule ndi nyerere zimadya ambiri.

M'mawa yang'anani m'munsi mwa udzu wa m'mphepete mwa damu, chikhatho chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa madzi. Mudzapeza khungu lofundulalo likadali lokakamira, lopepuka, la mabowo a maso ndi miyendo yonse, pamsana pali mng'alu ndi timaulusi toyera. Limenelo mungathe kulitola n'kuonetsa ana, chifukwa mwini wake wapita kale. Ndi umboni woti mtundu umenewo unabadwira m'madzi omwewo, sunangodutsa.

Kodi amaluma? Ali ndi ululu?

Alibe mbola ndipo alibe poizoni. Mchira wautaliwo suluma. Wamkulu mukamufinya m'dzanja angakutsineni ndi kamwa, basi. Komabe musawagwire, ndipo ana muwaletse masewera omanga ulusi kumchira, chifukwa mapiko akathyoka sapolanso. Amene amadya udzudzu ndi ntchentche tsiku lonse ndi wofunika kumusiya amoyo.

N'chifukwa chiyani amathawa ndikangoyandikira? Ndingawajambule bwanji ndi foni?

Pafupifupi mutu wonse wa tombolombo ndi maso. Diso limodzi la mitundu ikuluikulu lili ndi timaso tofika 30,000, ndipo amaona kutsogolo, m'mbali ndi kumwamba nthawi imodzi. Chimene amachizindikira msanga ndi kusuntha kwadzidzidzi. Mapiko ake anayi amagwira ntchito lililonse palokha, n'chifukwa chake amatha kuima m'malere, kubwerera chambuyo ndi kukhota mosayembekezeka. Kumuthamangitsa n'kudzivuta.

Chinsinsi n'chakuti wamwamuna amakhala ndi potera pake ndipo amabwererapo. Akauluka musamutsatire. Khalani pansi pafupi ndi kamtengo kaja, lozetsani foni, dikirani. Yandikirani chonjuta, pang'onopang'ono, chithunzithunzi chanu chisamugwere. Zovala zoyera kwambiri kapena zowala zisiyeni kunyumba. M'mawa kusanatenthe amakhala ofooka ndipo mame amakhala adakali pamapiko, ndiye nthawi yabwino ya foni. Jambulani kuchokera m'mbali komanso kuchokera pamwamba, chifukwa ozindikira mitundu amafuna kuona mizere ya pachifuwa ndi mitsempha ya m'mapiko. Magalasi oonera patali amathandiza ngati muli nawo, koma si okakamiza.

Nanga nyama zikuluzikulu ziliko?

Njovu, mvuu ndi mikango kulibe. Wozifuna apitirire ku Liwonde National Park, ulendo wa ola limodzi kapena kuposa pang'ono pa galimoto kuchokera ku Zomba. Paphiri pano zimene mungaone mosavuta ndi anyani, makamaka m'mbali mwa msewu wokwera, ndi apusi. M'mitengo yowirira ya m'mitsinje mumakhala anchima, akuda motuwira, amanyazi. Kawirikawiri mumayamba kumva nthambi zikugwedezeka musanawaone. Mbawala ndi agwape ziliko koma zinachenjera chifukwa cha agalu ndi misampha, ndipo zimatuluka m'mamawa kapena chakumadzulo. Kumatanthwe kumakhala mbira, zomwe zimaothera dzuwa kukacha. Za kambuku zimakambidwa, koma kumuona n'kosowa kwambiri.

Phunzirani kuwerenga zizindikiro. Pamene nthaka yafukulidwa usiku padutsa nguluwe. Pamwala wa m'mbali mwa madzi mukapeza ndowe zodzaza ndi zikamba za nkhanu, pamenepo pamadyera katumbu. Agulugufe amasonkhana pa mchenga wonyowa, abilimankhwe amabisala m'zitsamba za m'mbali mwa njira, ndipo nthawi ya dzinja achule amasokosa m'madambo dzuwa likangolowa.

Tingawapatse chakudya anyani?

Ayi, ngakhale nthochi imodzi. Nyani akazolowera kulandira amayamba kulanda, ndipo amene amavutika ndi amayi ogulitsa zipatso, ana ndi alimi a m'munsi mwa phiri. Mapeto ake nyaniyo amaphedwa. Chakudya chizikhala m'chikwama chotseka, mawindo a galimoto otseka, ndipo wamphongo akayandikira musamuyang'ane m'maso kapena kuthamanga, ingobwererani pang'onopang'ono.

Anthu ochokera kunja amabwera ndi makamera akuluakulu kudzafuna mbalame. Akufuna ziti?

Makamaka ziwiri zazing'ono. Yoyamba ndi yellow-throated apalis, ya pakhosi pachikasu ndi mzere wakuda pachifuwa, yomwe padziko lonse imapezeka ku Malawi kokha, m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Yachiwiri ndi white-winged apalis, yakuda kumutu, yachikasu kumimba, ya mzere woyera paphiko, imene imakhala pamwamba pa mitengo italiitali ya m'mphepete mwa mitsinje. Zonsezi zili pachiopsezo chifukwa nkhalango zake zikutha. Zimandikhudza kuti munthu amalipira ndege kuchokera ku London kudzaona kambalame kamene ambiri a ife obadwira m'tsinde mwa phirili sitinauzidwepo kuti n'kathu.

Zosavuta kuona ziliponso. Nkulukulu, yomwe m'mabuku imalembedwa kuti Livingstone's turaco, ndi yobiriwira ya tsumba lalitali, ndipo ikauluka mapiko ake amaoneka ofiira kwambiri. Achoso amazungulira maluwa. Kumaphedi kumauluka akhungubwe a khosi loyera ndi ziwombankhanga, ndipo pa damu mungakumane ndi nantchengwa akusaka achule.

Njoka bwanji?

Ziliko monga m'tchire lililonse, koma zambiri zimathawa zikamva mapazi. Yofunika kusamala nayo ndi mphiri, chifukwa simathawa, imangogona panjira pamene pali dzuwa. Valani nsapato zotseka, yang'anani popondapo, musapise dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala. Zimene zimavulaza anthu kawirikawiri ndi zina: miyala yoterera ya ndere pa mathithi, linthumbu podutsa njira nthawi ya mvula, ndi nkhungu imene imatseka njira mwadzidzidzi. Mabingu akayamba chokani pamalo oonera patali. Juzi musaiwale ngakhale m'tauni kukutentha.

Ndifika bwanji, ndipo kodi wotsogolera ndi wofunika?

Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3. Kuchokera m'tauni ya Zomba msewu wa tara umakwera mokhotakhota mpaka ku Ku Chawe, ndipo mungapite pa galimoto, takisi kapena kabaza wa njinga yamoto. Amphamvu amakwera wapansi pa Potato Path, njira yachidule koma yotsetsereka imene anthu ankatsitsira mbatata kumsika. Misewu ya pamwamba ndi yafumbi, ndipo nthawi ya dzinja ina imafuna galimoto yamphamvu.

Wotsogolera ndi wofunika, makamaka ulendo woyamba. Njira za m'mapaini zimafanana, ndipo malo akadulidwa mitengo zizindikiro zimasintha. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo nenani chimene mwadzera. Otsogolera anazolowera alendo ofuna kumaliza malo onse tsiku limodzi, ndiye mukangokhala chete adzakuthamangitsani mpaka ku dzenje la Chingwe. Auzeni poyera kuti, "Achimwene, ife lero sitikufuna mtunda, tikufuna kukhala kumtsinje." Ambiri amasangalala ndi zimenezi, ndipo amadziwa mtengo umene nkulukulu zikudya sabata imeneyo. Ku Chingwe kuja mupiteko tsiku lina, mukamve nkhani zakale za anthu amene akuti ankaponyedwamo, mukaonenso chigwa cha Shire chili tantha m'munsi.

Zipatso gulani kwa ogulitsa a paphiri pomwepo, sitiroberi, mabulosi, jamu ndi magalagadeya, malinga ndi nyengo. Koma maluwa a m'tchire ozulidwa ndi mizu, mbalame zogwidwa ndi ulimbo kapena bilimankhwe wa m'botolo musagule, chifukwa mukagula mawa akagwira zina.

Tingasambe pa damu? Nanga ana tingapite nawo?

Damu la Mulunguzi ndi limene limamwetsa mzinda wa Zomba kudzera ku Southern Region Water Board. Si malo osambira, ochapira kapena otsukira galimoto, ndipo madzi ake ndi akuya komanso ozizira. Mabotolo, mapepala apulasitiki ndi zotsala za chakudya tsikani nazo.

Ana pitani nawo. Maso awo ndi akuthwa kuposa athu ndipo ali kufupi ndi nthaka, moti khungu lofundula lija amayamba kuliona ndi iwo. Apatseni kope ndi pensulo kuti azijambula zimene aona ndi kuwerenga mitundu: ofiira angati, abuluu angati. Pa mathithi agwireni dzanja.

Timaona moto ndi malo ometedwa mitengo paphiri. Kodi zimenezi zimakhudza atombolombo?

Zimawakhudza kwambiri, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya tchuthi chabe. Nkhalango ya Zomba inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1913, ndipo mbali yaikulu ya pamwamba inadzalidwa paini wa matabwa. Paini akakhwima kudulidwa n'koyenera, ndiyo ntchito yake. Choopsa ndi kudula mopanda dongosolo, kuotcha makala, moto wa chaka ndi chaka umene umapha mbande zongodzalidwa, ndi nkhwangwa kulowa m'mitengo yachilengedwe ya m'mphepete mwa mitsinje.

Mtsinje ukataya mthunzi madzi amafunda. Phiri likakhala lambee, mvula imakokolola dothi n'kukwirira miyala imene ana a atombolombo amabisalamo. Dzinja madzi amatsika mwaukali, chilimwe akasupe amaphwa msanga. Oyamba kusowa ndi atombolombo a m'nkhalango, ndipo m'malo mwawo mumabwera aja opezeka paliponse. N'chifukwa chake asayansi amagwiritsa ntchito atombolombo poyeza thanzi la mtsinje: mukapeza mitundu ya kuchigwa yokhayokha pamene kale panali ya m'mthunzi, dziwani kuti madziwo asintha. Dothi lomwelo limakathera m'damu n'kuchepetsa madzi amene amafika m'mipopi ya ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi ndi ku yunivesite ya ku Chirunga. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa chigawo chonse cha kum'mwera zimene madzi amachita pa mapiri.

Sindikunena izi ponyoza mayi wosenza nkhuni amene mungakumane naye pa Potato Path. Iye akufuna kuphika, ndipo magetsi ndi gasi sizinamufike. Koma mlendo ali ndi mbali yake: osasonkha moto patchire, osataya ndudu yoyaka, kulipira bwino otsogolera kuti phiri lamoyo lizipindulitsa anthu ake, ndi kuthandiza magulu a m'midzi yozungulira amene amalambula njira zotchinga moto ndi kudzala mitengo yachilengedwe.

Ndili ndi tsiku lina lapadera. Ndipite kuti kuti ndione zosiyana?

Tsikirani ku Nyanja ya Chilwa kudzera ku doko la Kachulu. Madzi a Mulunguzi amathira mu Likangala, Likangala n'kukathira mu Chilwa, ndiye mudzakhala mukutsatira madzi omwe aja mpaka kumathero, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mu 1997 inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Ndi yosaya, ndipo inaphwapo mu 1968 ndi 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018. Kumeneko atombolombo ndi ochuluka zedi koma a mitundu ya madzi ofunda, ndipo kuli akakowa, abakha a m'madzi ndi mbalame zina zochokera kutali. Musalowe m'madzi chifukwa cha likodzo, ndipo kumbukirani kuti kuchigwa udzudzu ndi wambiri kuposa paphiri.

Ndikajambula kanthu kosadziwika, ndingadziwe bwanji dzina lake?

Lembani tsiku, malo ndi mtundu wa madzi: damu, dambo kapena mtsinje wa miyala, padzuwa kapena pamthunzi. Kenako ikani chithunzicho pa iNaturalist, pulogalamu yaulere ya pa foni pomwe akatswiri a m'maiko osiyanasiyana amathandiza kutchula dzina. Chithunzi cha foni wamba chimakwanira ngati mapiko ndi chifuwa zikuoneka. Zolemba zoterezi zimasungidwa, ndipo wofufuza wa zaka zikubwerazi adzatha kudziwa zimene zinkapezeka pa mathithi a Williams chaka chino. Mungafunsenso ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe limagwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Mukajambula mbalame yosowa ili pachisa, ikani dera lokha, osati malo enieni a mtengowo.